MAKWERERO A MAPHUNZIRO A ZAUMULUNGU



Tsiku lina titaŵeruka m'kalasi, mayi wina anatsalira. Anamasula mfundo ya chitenje chake natulutsa kalata yopindapinda. Iye anati, "Aphunzitsi, tandiŵerengerani iyi. Ndi ya Chizungu. Ine ndangozindikira dzina la mwana wanga basi."

Kalatayo inachokera ku sukulu ina ya ukachenjede kumtunda. Inali kuitana mwanayo kuti akayesedwe mafunso oloŵera maphunziro apamwamba a zaumulungu. Pamene inafika, mwanayo anali ku Chizumulu, ndipo mayi ake anaisunga bwino m'sutikesi milungu itatu. Nditayang'ana tsiku la mafunso, ndinapeza kuti linali litapita kale. Malo anapatsidwa kwa wina, mnyamatayo anadikira chaka chathunthu.

Mayiyu sanalakwe dala ayi. Iye sanadziŵe mmene zinthu izi zimayendera. N'chifukwa chake ndalemba phunziro ili.

Kodi maphunziro a zaumulungu n'chiyani?

Aŵa ndi maphunziro ozama a za Mulungu ndi za mpingo. Wophunzira amasanthula Baibulo buku ndi buku. Amaphunzira mbiri ya mpingo, ziphunzitso zake, malamulo ake, mwambo wa mapemphero ndi kasamalidwe ka nkhosa za Mulungu. Amaphunziranso zilankhulo zakale, chifukwa Chipangano Chakale chinalembedwa makamaka m'Chihebri, pamene Chatsopano chinalembedwa m'Chigriki. Akatolika amaonjezapo Chilatini.

Ife a pa Likoma za maphunziro ameneŵa si alendo. Amishoni a UMCA anakhazikika pano m'chaka cha 1885. Tchalitchi chachikulu cha St Peter pa Chipyela anayamba kuchimanga mu 1903. Pachilumba pano panali sukulu ya St Andrew, imene inkasula ansembe a mpingo wa Angilikani. Bambo Leonard Kamungu anadzozedwa unsembe mu 1909, napita kukalalika ku Msoro m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Sukulu ya ansembe a Angilikani ku Zomba imatchedwa dzina lake. Ambuye Josiah Mtekateka, mwana wa pano, anadzozedwa ubishopu mu 1965. Onseŵa anayamba ndi a, e, i, o, u, monga mwayambira inumu.

Ambiri a ife pano ndife a Angilikani, koma Akatolika aliponso pakati pathu, ndipo njira yawo ndi yoyalidwa bwino, yosavuta kuilongosola. Tiyeni tiitsate. Mukaimvetsa, simudzavutika kumvetsa za mipingo ina.

Makwerero oyamba

Mnyamata wofuna unsembe wa Katolika ayenera kukhoza bwino mayeso a Fomu 4, a MSCE. Ena amaphunzira sekondale yawo ku seminale yaing'ono, monga ya St Patrick ku Rumphi. Ena amachokera ku sekondale wamba. Dayosizi ikamulandira, amayamba wakhala chaka chimodzi ku Kasina m'boma la Dedza, kusulidwa pa moyo wauzimu. Kenaka amapita ku seminale yaikulu ya Kachebere ku Mchinji, imene inatsegulidwa mu 1939. Kumeneko amaphunzira filosofi zaka zitatu. Filosofi ndi maphunziro a kuganiza mozama ndi kufunsa zifukwa za zinthu. Akatha apo amapita ku seminale ya St Peter ku Zomba, imene inatsegulidwa mu 1977, kukaphunzira zaumulungu zaka zinayi.

Taŵerengani zala zanu. Chimodzi, zitatu, zinayi: zonse pamodzi ndi zaka 8 kuchokera pa Fomu 4. Ndipotu apa munthu wangofika pa digiri yoyamba.

Makwerero apamwamba

Pamwamba pa digiri yoyamba pali ena aŵiri.

Digiri yachiŵiri. M'masukulu a Papa amaitcha Licentiate, m'mayunivesite ena amati Masters. Kaŵirikaŵiri imatenga zaka ziŵiri. Apa munthu saphunziranso zonse. Amasankha nthambi imodzi, kaya Baibulo, kaya malamulo a mpingo, kaya za chikhalidwe choyenera, nazama nayo. Pomaliza amalemba kabuku ka zimene wafufuza.

Digiri yachitatu ndi ya udokotala. Dokotala ameneyu sabaya jakisoni. Ndi munthu amene wafufuza nkhani imodzi zaka zingapo, walemba buku lalikulu, ndipo waliteteza pamaso pa akatswiri omufunsa mafunso okhwima.

Kodi amakaphunzira kuti? Ena amapita ku Nairobi m'dziko la Kenya. Kumeneko maepiskopi a maiko a chigawo chino, a Malaŵi ali momwemo, anatsegula sukulu ya zaumulungu mu 1984, imene lero ndi Catholic University of Eastern Africa. Ena amapita ku Roma, ku mayunivesite monga Gregorian ndi Urbaniana, kumene ayenera kuyamba aphunzira Chitaliyana. Kuno kwathu, Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba ndi Yunivesite ya Mzuzu zili ndi nthambi za zaumulungu ndi zachipembedzo, ndipo zimalandira anthu a mpingo uliwonse. Akatolika anatsegulanso yunivesite yawo ku Nguludi mu 2006.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga madigiri onseŵa atithandiza chiyani ife a usipa ndi chinangwa?" Tamverani. Ambuye Patrick Kalilombe, wobadwira ku Mua mu 1933, anaphunzira Baibulo ku Roma, nabwera kudzaphunzitsa ku Kachebere. Mu 1972 anakhala Episkopi wa Lilongwe. Iwo ndi amodzi mwa amene analimbikitsa miphakati, timagulu ta akhristu oyandikana nyumba topemphera ndi kuthandizana pamudzi. Maphunziro anapita ku Roma, koma phindu lake linabwera pakhonde.

Dziŵaninso ichi: maphunziro aŵa si a ansembe okha. Asisitere, aphunzitsi, akatekisiti, abambo ndi amayi apabanja amaloledwa. Mwana wanu wamkazi angathe kukhala dokotala wa zaumulungu.

Kupempha malo

Kupempha malo ndi ntchito ya mapepala. Kumakhala ngati kukonza chilimira: diso limodzi likang'ambika, nsomba zitulukira pomwepo. Zofunika kaŵirikaŵiri ndi izi:

1. Fomu ya sukuluyo. Masiku ano mafomu ambiri ali pa intaneti. Dzina lilembedwe chimodzimodzi pa mapepala onse. Ngati pa satifiketi pali dzina la agogo, pa chiphaso dzina la bambo, akuluakulu a sukulu adzayesa kuti ndi anthu aŵiri.

2. Masatifiketi. Wofuna digiri yoyamba pa yunivesite amasoŵa makirediti 6 pa MSCE, imodzi ikhale ya Chingerezi. Wofuna yachiŵiri atumize umboni wa digiri yoyamba pamodzi ndi pepala loonetsa mamalikisi a phunziro lililonse. Musatumize satifiketi yeniyeniyo. Tumizani kope lodindidwa chidindo.

3. Kalata ya akuluakulu a mpingo. Wansembe sangadzitume yekha ku masukulu a Papa, ayenera kuloledwa ndi episkopi wake. Sisitere aloledwe ndi mkulu wa chipani chake. Mkhristu wamba atenge kalata yomuchitira umboni kwa bambo mfumu kapena kwa episkopi.

4. Makalata a aphunzitsi akale, onena za nzeru ndi khalidwe la wopemphayo. Apempheni nthaŵi ikadalipo. Si bwino kugogoda pakhomo pawo usiku sitima ikunyamuka m'maŵa.

5. Kalata ya iye mwini, yofotokoza chimene akufuna kuphunzira ndi chifukwa chake. Wofuna udokotala alembe masamba angapo onena funso limene adzafufuze. Apa mwana wa pa Likoma ali ndi mwaŵi. Mbiri ya mpingo m'mbali mwa nyanja ino, nyimbo zathu za m'tchalitchi, miyambo ya maliro ndi ya ukwati, zonsezi ndi nkhani zoyenera kufufuzidwa, ndipo agogo odziŵa ali pakhomo pomwepa.

6. Umboni wa amene adzalipira. Wansembe amamulipirira dayosizi kapena mabungwe a mpingo. Mkhristu wamba ayambe wapeza thandizo asanalonjeze kupita.

7. Chiphaso cha unzika, ndipo wopita kunja akhale ndi pasipoti.

Zoti muchenjere nazo

Choyamba ndi tsiku lotsekera. Sukulu siidziŵa kuti mwera waŵinduka kapena kuti Ilala yachedwa. Ife a pachilumba tiziŵerenga masiku athu mosiyana ndi a ku Mzuzu. Ngati akuti mapepala afike pa 30, ife tiziti afike pa 15.

Chachiŵiri ndi sukulu zachinyengo. Alipo anthu amene amalonjeza udokotala m'miyezi itatu, bola ulipire. Mwaona nokha kutalika kwa makwerero enieni. Boma lili ndi bungwe loyang'anira sukulu za ukachenjede, lotchedwa National Council for Higher Education. Mwana afunse ngati sukuluyo ndi yovomerezedwa ndi bungweli, afunsenso kwa ansembe ake. Paja safunsa anadya phula.

Chachitatu ndi ndalama. Polipira fomu, lipirani kumene sukulu yalemba, osati m'manja mwa munthu amene akuti ali ndi mnzake ku ofesi. Risiti isungeni.

Mbali yanu

Mwina mukuti, "Ine Chizungu sindichidziŵa, ndithandiza bwanji?" Kumbukirani mayi uja. Tsiku la mafunso linalembedwa m'manambala, ndipo manambala munaphunzira. Dzina la mwana wanu mumatha kuliŵerenga. Chidindo mumachizindikira. Kalata yotere ikafika, musaigoneke. Tsiku lomwelo pitani nayo kwa mphunzitsi, kwa katekisiti kapena kwa wansembe. Uthenga ukabwera pa foni, chitani chimodzimodzi.

Masatifiketi a ana muwasunge m'pepala la pulasitiki, m'chitini chotseka bwino, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha. Poyenda panyanja muwakulunge kaŵiri.

Ndipo musamkakamize mwana. Unsembe si ntchito yothaŵirako umphaŵi, ndi maitanidwe. Mwana akabwerera panjira, mlandireni ndi manja aŵiri. Zimene waphunzira sizitayika.

Mnyamata uja anapemphanso chaka chotsatira. Ulendo uno mayi ake analemba okha tsiku lotsekera pa kalendala ya pakhoma, nalizunguliza ndi makala. Kalata yoyankha itafika, anaŵerenga dzina ndi tsiku asanachoke pa positi ofesi, natumiza uthenga ku Chizumulu ndi bwato la madzulo omwewo.

Mafunso okambirana

1. Kodi mnyamata uja anataya malo chifukwa chiyani?
2. Tchulani seminale ziŵiri zazikulu za Akatolika m'Malaŵi ndi maboma kumene zili.
3. Kuchokera mu 1939 kufika mu 1977 panapita zaka zingati?
4. Kodi amayi amaloledwa kuphunzira zaumulungu?
5. Mungaizindikire bwanji sukulu yachinyengo?

Ntchito

Lembani kalata yaifupi kwa wansembe kapena mbusa wanu, yopempha kuti amlembere mwana wanu kalata ya umboni. Musaiŵale keyala yanu ndi tsiku. Mubwere nayo m'kalasi kuti tidzaŵerengerane.