Lilime likaterereka pa mafunso a ntchito: zoyenera kupewa ndi momwe munthu angakonzere

Achinyamata ambiri a m'boma la Chadiza, m'chigawo cha kum'mawa kwa dziko la Zambia, amadikira zaka zingapo asanaitanidwe ku mafunso olowera ntchito, amene ambiri amawatcha intavyu. Derali ndi la alimi a chimanga, mtedza, soya ndi mpendadzuwa, ndipo ntchito za malipiro a pamwezi zimapezeka makamaka kukhonsolo, m'masukulu, m'zipatala, m'mabungwe othandiza anthu ndi m'makampani ogula mbewu. Pamene boma la Zambia linalemba aphunzitsi opitirira 30,000 ndi ogwira ntchito zaumoyo opitirira 11,000 m'chaka cha 2022, ofunsira anachuluka kwambiri kuposa malo amene analipo. Pa mpikisano wotere, munthu amene waitanidwa kukayankha mafunso akhoza kutaya mwayi chifukwa cha mawu ochepa olankhulidwa mosaganizira.

Mawu oterowo kawirikawiri sachokera ku mwano. Amabwera chifukwa cha mantha, kufuna kusangalatsa ofunsa, kapena kuopa kukhala chete. Palinso nkhani ya chinenero. Mafunso ambiri amafunsidwa m'Chingerezi, chomwe ndi chinenero cha boma, pamene woyankha amaganiza m'Chinyanja, ndiye akamamasulira mothamanga amatha kunena zimene sanafune. N'chifukwa chake kudekha kwa masekondi angapo asanayankhe kumathandiza, ndipo kupempha kuti funso libwerezedwe si kulakwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Choyamba choyenera kupewa ndicho kunyoza malo a ntchito. Wofunsira akanena kuti akufuna kungolowa ntchito kenaka adzapemphe kusamutsidwira ku Chipata kapena ku Lusaka, ofunsa amamva kuti munthuyo sadzakhalitsa. Masukulu ndi zipatala za kumidzi zakhala zikusowa antchito chifukwa cha anthu osamukira m'tauni, choncho mawu amenewa amawafika pamtima olemba ntchito.

Chachiwiri ndicho kunena zoipa za bwana wakale. M'boma laling'ono ngati Chadiza akuluakulu a maofesi amadziwana, amapemphera limodzi ndiponso amakumana pa maliro. Amene akunenedwayo akhoza kukhala mnzake wa wofunsa. Ndi bwino kungofotokoza kuti pangano la ntchito linatha, kapena kuti munthuyo akufuna udindo wokulirapo, ngati zimenezo n'zoona.

Chachitatu ndicho kutchula mayina a anthu otchuka. Kunena kuti khansala ndi malume, kapena kuti munthu ndi wa kubanja la amfumu, kumamveka ngati kuopseza kapena kupempha kukonderedwa. Kulonjeza kangachepe n'koopsa kwambiri, pakuti lamulo lolimbana ndi ziphuphu la m'chaka cha 2012 limati kupereka kapena kulonjeza chiphuphu ndi mlandu.

Chachinayi ndi nthabwala ndi ndale. Chimbuya cha pakati pa anthu a kum'mawa ndi Abemba chimasangalatsa pa maliro ndi pa zikondwerero, koma m'chipinda cha mafunso chikhoza kumveka ngati chipongwe. Ngakhale wofunsa atayamba yekha nthabwalayo, kumwetulira kokha n'kokwanira. Kutamanda kapena kunyoza chipani nakonso sikuthandiza, chifukwa wogwira ntchito m'boma amayenera kutumikira anthu onse mosayang'ana chipani chawo.

Koma lilime lilibe fupa, ndipo ngakhale munthu wokonzekera bwino amaphonya. Chimene ofunsa amayang'ana pamenepo ndi zimene munthuyo achite akazindikira kulakwa kwake. Njira yabwino ndiyo kukonza nthawi yomweyo, mwachidule, kamodzi kokha. Mwachitsanzo, amene wanena mawu onyoza sukulu ya kumudzi akhoza kuima n'kunena kuti, "Pepani akuluakulu, pamenepa sindinalankhule bwino. Ndimatanthauza kuti ulendo wa kumeneko umavuta nthawi ya mvula, koma ndine wokonzeka kukakhala komweko." Akatero abwerere ku funso ndi kupereka chitsanzo cha ntchito imene anagwirapo.

Pali zinthu zitatu zimene zimakulitsa vutolo. Kukana kuti sananene mawuwo kumasandutsa kuphonya kukhala bodza, popeza ofunsa amakhala akulemba mayankho. Kupepesa mobwerezabwereza kumatha nthawi ndipo kumachititsa kuti mawu olakwikawo akumbukike kwambiri. Kuseka pofuna kuphimba manyazi kumaoneka ngati munthuyo sakusamala.

Ngati kulakwa kwakumbukika mochedwa, mwayi umakhalapo kumapeto, pamene ofunsa amapatsa munthu mpata wofunsa kapena woonjezera mawu. Pamenepo akhoza kupempha mwaulemu kuti akonze yankho limodzi, makamaka ngati analakwitsa chaka, chiwerengero kapena dzina la satifiketi, chifukwa zimenezi zimayerekezedwa ndi mapepala ake. Akatuluka m'chipindamo, kutsatira wofunsa kunyumba kapena kutuma wachibale kukapepesa sikoyenera, pakuti kumaoneka ngati kufuna kulowera kukhomo la kuseri.

Nthawi zina mawu osayenera amachokera kwa ofunsa. Lamulo la zantchito la Employment Code la m'chaka cha 2019 limaletsa kusala munthu polemba ntchito chifukwa cha mtundu, chipembedzo, maganizo a ndale, kulumala, kukhala pabanja kapena kukhala woyembekezera. Wofunsira akafunsidwa zotere, sayenera kupsa mtima. Akhoza kuyankha modekha kuti nkhaniyo siidzasokoneza kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo ngati akuona kuti wasalidwa ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya boma yoona zantchito.

Kukonzekera kumachepetsa ngozi zonsezi. Ndi bwino kuti munthu ayeserere kuyankha mokweza pamaso pa mphunzitsi kapena mnzake, makamaka mafunso okhudza chifukwa chimene anasiyira ntchito yakale, zofooka zake ndi malipiro amene akuyembekeza. Olemba ntchito amadziwa kuti namwino, kalaliki kapena mlangizi wa zaulimi adzalakwitsa tsiku lina ali pantchito. Wofunsira amene wavomera kuphonya kwake n'kukonza modekha amakhala wawaonetsa kale momwe adzachitire tsiku limenelo.