Alendo Ophunzitsa Cingelezi ku Kafue

M'caka ca 1918 a mpingo wa Primitive Methodist anatsegula sukulu ya Kafue Training Institute pafupi ndi mtsinje wa Kafue, ndipo mkulu wace woyamba anali Mbusa John Fell wa ku England. Iyeyu anali atakhala kale zaka zambiri pakati pa Atonga ku cigwa ca Zambezi, naphunzira cinenero cao kufikira analemba buku la malamulo a Citonga. Tsono pophunzitsa anyamata Cingelezi anadziwiratu pamene lilime lao lidzapunthwa.

Popunthwira pace ndi pambiri ndithu. Citonga ndi Cinyanja ziri ndi mavawelo 5 okha, koma Mngelezi polankhula amaturutsa oposa 10. Mau a Cinyanja amathera pa vawelo, cifukwa cace mwana amaonjeza vawelo kumapeto kwa mau a Cingelezi, monga m'mene anabadwira mau akuti buku ndi sukulu. Ndiponso L ndi R kwa iye ndi liu limodzi. Mlendo wosadziwa izi amayesa ana ndi ogontha mutu, pamene akadangolankhula pang'onopang'ono ndi kubwereza.

Thupi nalo linali ndi zace zozolowera: kutentha kwa mwezi wa October, ndi udzudzu wa m'madambo a Kafue wobweretsa malungo. Ncito siinathere m'kalasi, pakuti sukuluyo inaphunzitsanso ulimi ndi ncito za manja. Mmodzi wa anyamata amene anaphunzira pamenepo ndiye Harry Nkumbula.

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, masukulu a sekondale anacuruka msanga koposa aphunzitsi a m'dzikomo. Boma linaitana alendo ocokera ku Britain, ku India ndi maiko ena, ambiri pa pangano la zaka 2 kapena 3. Iwowa anapeza nyumba zomangidwa kale ndi ana olankhula kale Cingelezi, motero ambiri sanaphunzire cinenero ca eni dziko kupitirira moni. Koma zaka 2 nzocepa. Munthu akangoyamba kuzolowera nsima ndi kuchula bwino maina a ana, nthawi yobwerera kwao yakwana, ndipo anyamata aja ayambanso kuchera khutu ku malankhulidwe a wina, kaya wa ku Scotland, kaya wa ku Kerala.