Kodi H Anali Yani? Mafunso ndi Mayankho pa Sewero la Line of Duty

Funso: Bambo, sewero limeneli ndi lotani?

Yankho: Ndi la apolisi ofufuza apolisi anzawo aziphuphu, analemba ndi a Jed Mercurio, ndipo BBC inayamba kulionetsa mu 2012.

Funso: Nanga oonera ankalosera zotani?

Yankho: Ankasakasaka mkulu wobisika, wodziwika ndi chilembo cha H chokha, amene ankalumikiza apolisi oipa ndi zigawenga. Ambiri analoza chala Ted Hastings, mtsogoleri wa AC-12, nthambi ya apolisi ofufuzawo, pakuti dzina lake liyamba ndi chilembocho, ngongole zinamufika m'khosi, ndipo tsiku lina anakataya kompyuta yake mobisa. Ena anatchula Patricia Carmichael chifukwa cha kumwetulira kwake kwachiphamaso. Enanso anakakamira pa Philip Osborne, mkulu wa apolisi onse m'seweroli. Koma pa 2 Meyi 2021, anthu 12.8 miliyoni ali maso tong'o, taonani, wolowa m'chipinda chofunsiramo mafunso monga H anali Ian Buckells, wapolisi waulesi amene onse ankamuyesa chitsiru.

Funso: Chilembocho chinachokera kuti?

Yankho: Apa ndiye pokoma, mwanawe! Matthew Cottan, kazitape wa zigawenga m'kati mwa AC-12, ataomberedwa poteteza wapolisi mnzake Kate Fleming m'chigawo cha 2016, anajambulidwa ali kutsirizika, ndipo m'mene mawu anamuthera, anaphethira pa chilembo cha H. Zaka zitatu zitapita, ofufuza poonanso chithunzicho anazindikira kuti chala chake chinali kugogoda kanayi. Tsono m'malembedwe a Morse, aja amene Samuel Morse ndi Alfred Vail anakonza natumizira uthenga pa lamya kuchokera ku Washington kunka ku Baltimore mu 1844, chilembo chilichonse chili ndi timadontho ndi timizere take. E, popeza apezeka kawirikawiri m'Chingerezi, anapatsidwa kadontho kamodzi, pamene H ali ndi tinayi. Indetu nzeru imeneyi imandikondweretsa kufikira lero, kuti munthu wopanda liwu angathe kulankhula ndi chala! Potero ofufuza anati H ndi anthu anayi: Cottan mwini, Derek Hilton, Gill Biggeloe, ndi wachinayi wosadziwika. Oonera ambiri anamva zimenezi, koma mitima yawo inakhalabe pa mfumu imodzi yaikulu ya zoipa.

Funso: Ena amati mlembi anasintha mathero ataona kuti anthu atulukira chinsinsi. Nzoona?

Yankho: Bodza limeneli ndatopa nalo. Chigawo chachisanu ndi chimodzi chinajambulidwa ku Belfast mu 2020, ntchito itaima kaye chifukwa cha mliri wa Covid-19 ndi kutsirizidwa chaka chomwecho, ndipo chinayamba kuonetsedwa mu Malichi 2021. Nanga mlembi akanasintha bwanji zimene zinali kale m'nkhokwe? Onena zotere sanamve chimene a Mercurio ankaphunzitsa, chakuti ziphuphu sizifuna munthu wanzeru zakuya ayi, koma munthu wamba wadyera, amene alakwa nakwezedwa, alakwanso nakwezedwanso, popeza akuluakulu aopa kuvomera kuti anasankha molakwa. Kukhumudwa kwa oonera ndikumvetsa, pakuti gawo lomalizalo linayenda mwaphuma ndithu. Koma kuti ananamizidwa, chimenecho ndikana kwa mtuwagalu.

Funso: Kodi zizindikiro zinalipo?

Yankho: Zinalipo, koma mbalame ikatera pa uta siilasika. Buckells anaonekera kuyambira chigawo choyamba, nabweranso m'chachinayi, nthawi zonse ali pafupi ndi milandu yosokonekera. Ndipo liwu lina la Chingerezi limene mkulu wobisikayo ankalemba molakwika m'mauthenga ake linapezeka lolembedwa chimodzimodzi m'malipoti akale a Buckells. Chosokoneza nchakuti Hastings nayenso analilemba motero pamene ankadziyesa H kuti akole zigawenga, ndipo khamu lonse linathamangira komweko.

Funso: Nanga Marcus Thurwell?

Yankho: Anthu ataona pa chithunzi cha Thurwell nkhope ya James Nesbitt, katswiri wa zisudzo wotchuka, anati munthu wotere sangaitanidwe pachabe, koma Thurwell anapezeka atafa kale ku Spain, osanena liwu ndi limodzi lomwe.