Kusoka chofunda ndi zovala za malemu

M'chaka cha 1942, mayi Missouri Pettway a ku Gee's Bend, mudzi wa anthu akuda m'chigawo cha Alabama ku America, anatenga mabuluku ndi malaya amene amuna awo a Nathaniel ankavala kumunda, n'kusoka chofunda. Bambowo anali atatsikira kulichete. Pachofundacho mpaka lero pamaoneka pothimbirira ndi poperepeseka, ndipo chili m'gulu la ntchito zimene zinatchukitsa amayi a m'mudziwo, makamaka kuchokera pachionetsero cha ku Houston mu 2002. Mu 1987 namonso, anthu anayala zidutswa za nsalu 1,920 mumzinda wa Washington pokumbukira abale awo omwalira ndi Edzi. Chidutswa chilichonse chinali chachikulu ngati manda, ndipo ena anasokererapo zovala za malemuwo.

Ife matelala timadziwa kuti ntchitoyi si kungolumikiza zigamba. Chofunda chotere chimakhala ndi magawo atatu: zigamba pamwamba, thonje kapena bulangeti lopyapyala pakati, ndi nsalu imodzi yaikulu pansi. Ulusi umaboola magawo onsewo kuti chapakaticho chisamaunjikane pochapa.

Chimene chimatuluka thukuta n'chakuti zovala za munthu mmodzi sizifanana khalidwe. Chitenje ndi malaya a thonje zimamvera lumo, zimagona bwino pamakina. Tisheti imatamuka, choncho telala amayamba wamata kansalu kolimbitsa kumbuyo kwake ndi simbi yotentha, kenako n'kudula. Akapanda kutero, chigamba chimene anachidula cha ngodya zinayi chimakhota asanamalize mzere woyamba. Jinzi ndi yokhuthala, imathyola singano yaing'ono, ndipo ikalumikizidwa ndi bulauzi yopyapyala imaikoka mpaka kuing'amba pamsoko. Juzi yoluka ikadulidwa imamasuka, n'chifukwa chake timasoka kaye mzere kuzungulira malo oti tidule. Chigamba chilichonse timachisiyira mamilimita 6 mbali zonse, malo a msoko.

Kuchapa zovala musanadule n'kofunika, chifukwa nsalu zina zimafupika ndipo zina zimatuluka utoto n'kudetsa zinzake. Koma sopo amachotsanso fungo la munthu, ndipo kwa mayi wamasiye fungolo ndi chuma. Ine ndimawauza amayi otere kuti apatule chovala chimodzi, chisachapidwe, chisaone lumo.

Ndimatsutsana nawo anzanga amene amataya pothimbirira n'kusankha pooneka patsopano pokha. Thumba limene agogo ankasungamo ndalama, kolala yotha, chigamba chimene malemu anaika ndi manja awo, mpamene mwana amaika chala n'kunena kuti awa ndi ababa. Malo ofooka amangofunika kuwaikira nsalu ina pansi kuti alimbe. Mabatani okha ndi amene ndimachotsa ngati chofundacho n'cha khanda, kuopa kuti lingameze.

Kwathu kuno pali nkhani ina imene lumo silingaidumphe. M'mabanja ambiri zovala za womwalira zimagawidwa kwa abale maliro akatha, ndipo amatsogolera ndi akuluakulu a banja. Jekete limodzi likhoza kukhala ndi anthu atatu amene akuliyembekeza. Ena samasuka n'komwe kufunda nsalu ya munthu amene anapita, ndipo maganizo awo ngoyenera kuwalemekeza. Komabe zigamba zili ndi ubwino wake: malaya asanu amene akanapita kwa anthu asanu akhoza kugawika kuti mwana aliyense akhale ndi kachidutswa ka malaya onsewo, kaya pachofunda, kaya papilo.

Palibenso chifukwa chothamangira, nsalu youma yosungidwa bwino imadikira zaka. Musanabwere ndi zovala za malemu kwa telala, khalani pansi ndi atsibweni, azakhali ndi ana onse, mugwirizane zovala zoti zidulidwe, chifukwa chodulidwa sitingachibwezerenso.