Bodza lomwe linagona pa Wikipedia zaka 15

Kuyambira 2004 mpaka 2019, Wikipedia yachingerezi inkanena kuti ku Warsaw, m'dziko la Poland, Anazi anapha Apolishi pafupifupi 200,000 ndi mpweya wapoizoni mumsewu wapansi panthaka. Ndende ya Anazi inalikodi mumzindawo, koma ambiri mwa akaidi ake anali Ayuda, ndipo akatswiri a mbiri yakale sanapeze umboni wa chipinda cha poizonicho. Nyuzipepala ya Haaretz ya ku Israel inaulula zimenezi mu 2019.

Mu 2023, Jan Grabowski ndi Shira Klein, aphunzitsi a m'mayunivesite, analemba kuti kagulu ka olemba pa Wikipedia kankapotoza dala mbiri ya kuphedwa kwa Ayuda ku Poland, n'kumachepetsa mlandu wa Apolishi ena. Ena mwa otchulidwawo anakana. Komabe komiti yoweruza mikangano ya Wikipedia inaletsa angapo kulembanso pankhaniyi.

Chondidetsa nkhawa ine monga mphunzitsi n'chakuti aliyense angathe kusintha tsamba, ndipo kawirikawiri wopambana ndi wokakamira, osati wodziwa. Mwana wa Fomu 4 wokopera za nkhondo yachiwiri yapadziko lonse pafoni ya amalume ake saona n'komwe kuti kuseri kwa tsambalo anthu akukangana.