Kuyabwa kumaliseche: chimbudzi chimangonamiziridwa

Ku Mikocheni, mumzinda wotentha wa Dar es Salaam, mayi akamva kuyabwa kumaliseche n'kuona chikazi choyera ngati chambiko, maganizo amathamangira kutali: mwina chimbudzi cha kuntchito, mwina bambo akunyumba akuzemberana ndi wina. Aswahili amati fangasi. Kwathu ambiri amangoti mauka.

Komatu kachilombo koyambitsa vutoli, Candida albicans, kamakhala kale m'thupi mwakachetechete. Kamachulukana mayi akamwa maantibayotiki, akakhala woyembekezera kapena shuga akakwera. Kutsuka m'kati ndi sopo, komwe ena amayesa ukhondo, kumangoputa mavuto.

Amayi atatu mwa anayi alionse amadwalapo. Mankhwala ngati clotrimazole amathandiza, koma kuyabwa kukamabwererabwerera, mayi akayezetse shuga ndi HIV. Chipatala cha Kairuki chili ku Mikocheni komweko.