Pantchito ali, koma mwezi sautha

Ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo, mabanja ambiri a alonda, amakaniko ndi ogulitsa m'masitolo amalandira malipiro, koma pofika pa 15 m'thumba mwauma. Landilodi amayamba kutenga zake. Zotsala zimathera makala, madzi apakiyosiki, minibasi ndi fizi.

Zinthu zidathina kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu 2022, kenako 44 peresenti mu 2023. Boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika K90,000 mu 2024, koma mitengo idali itathawa kale.

Mtukula Pakhomo sawafikira chifukwa amaoneka opezako. Nchifukwa chake ufa amagula wa walkman, ndipo mwana akadwala usiku, kukacha amathamangira kubanki m'khonde kapena kwa akatapila, ngongole n'kudya malipiro a mwezi wamawa.